Kwa achemwali amene banja lawo lasiya nyama

Achemwali, mwanena kuti inu ndi bambo akunyumba mwasiya nyama ndi nsomba, koma pakhomo pali mwana wa zaka ziwiri komanso apongozi anu okalamba, ndiye abale akukuopsezani kuti mwanayo apinimbira, agogowo atha magazi. Ine ndimakhala ku Chinamwali ku Zomba, ndipo papita zaka zisanu ndi zinayi chisiyireni nyama, choncho ndiyankhe momwe ndaonera.

Abale anuwo musawapsere mtima, chifukwa zimene akuopazo zimachitikadi. Koma chimadwalitsa anthu si kusowa kwa nyama. Ambiri akachotsa nyama amangotsala ndi nsima ya ufa woyera ndi mpiru wowiritsa, m'mawa tiyi ndi mbatata, basi. Imeneyo ndi njala chabe. Kusikelo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mukachotsa gulu la zanyama, katundu wake amagwera zanyemba, ndiye zisamasowe pa mbale tsiku lililonse. Mwayi wake kuno sitisowa nandolo, khobwe, nzama, mtedza ndi soya. Nyama ya soya ya m'mapaketi nayo ndi yabwino, kungoti zokometsera zake zimakhala ndi mchere wambiri, ndiye ngati apongozi ali ndi BP muzithira pang'ono.

Pa nkhani ya magazi, ayironi, amene thupi limapangira magazi, alimo mu nyemba ndi masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, khwanya ndi nkhwani, koma thupi limamutenga movutikira kusiyana ndi wa mu nyama. Chimathandiza ndi vitamini C pa chakudya chomwecho: finyirani ndimu mu ndiwo, kapena idyani gwafa, lalanje, papaya mukatha nsima. Malambe nawo ndi abwino kwambiri. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye musamatsitsire nsima ndi tiyi, dikirani padutse ola. Nyemba muzinyika usiku wonse, madziwo n'kutaya. Zimapsa msanga ndipo makala sakutherani. Soda uja timathira mu nkhwani ndi therere kuti zifewe amaononga mavitamini ena. Ndikudziwa kuti therere lopanda soda ndi nkhani yovuta, ineyo sindinasiyiretu, koma m'masamba enawo musamathire.

Tsopano chachikulu, chimene ndikufuna musachiiwale, ndi vitamini B12. Ameneyu mu masamba mulibe, mu nyemba mulibe, ngakhale mu bowa wa m'nyengo ya mvula musamudalire. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Munthu wamkulu amafunika pang'ono zedi, mamaikulogalamu 2.4 patsiku, ndipo chiwindi chimatha kusunga wa zaka zingapo, n'chifukwa chake munthu amakhala ngati ali bwinobwino kwa nthawi yaitali. Ine nditasiya nyama ndinasiyanso mazira ndi mkaka, ndikumanyada kuti thupi lapepuka. M'chaka chachinayi zala zinayamba kuchita dzanzi. Ndikamasenda nandolo ndinkaona ngati ndavala magolovesi, kuphazi ngati ndaponda nyerere, ndipo kachitunda kakang'ono kochokera kumsika waukulu kanandipumitsa kawiri. Ndinkati n'kutopa. Atandiyeza magazi kuchipatala ndi pamene zinadziwika, ndipo ndinabayidwa majakisoni asanandiike pa mapilitsi. Vutoli likakhalitsa limaononga minyewa mosabwerera. Ndiye sankhani chimodzi: mazira ndi mkaka kapena chambiko zikhalebe pakhomo, apo ayi muzigula mapilitsi a B12 ku famase, banja lonse, osadumphitsa.

Kwa mwanayo maganizo anga ndi oti mazira ndi mkaka musamuchotsere. Kamimba kake n'kakang'ono, kamadzadza msanga ndi nsima asanapeze zomanga thupi, ndiye chakudya chake chizikhala chochepa koma cholemera, katatu patsiku ndi tizakudya tina tapang'ono pakati. Phala likhale la mgaiwa wosakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, ngati Likuni Phala, muthiremo nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta. Likhale lolimbirako, osati lamadzimadzi loyenderera pa supuni. Peyala ndi nthochi zopotapota amazikonda ana ambiri. Mtedza wathunthu ayi, ungamutsamwe. Ndipo kusikelo musajombe. Mzere wa m'buku lake la kuchipatala ukuuzani zoona kuposa ine kapena azakhali ake. Ngati akuyamwabe, B12 wake akudalira wa inuyo, ndipo mukadzakhala oyembekezera muwauze anamwino kuti simudya nyama, mapilitsi a magazi aja muzimwa onse.

Pogula zinthu yang'anani chizindikiro chosonyeza kuti anawonjezeramo michere. Shuga ndi mafuta ophikira a m'mafakitale kuno amaikamo vitamini A, mchere amaikamo ayodini. Ufa wa kuchigayo cha m'dera ulibe zimenezo.

Apongozi anu ndi amene ndikuwadera nkhawa kwambiri. Munthu akamakalamba m'mimba mumachepa mphamvu yotengera B12 ngakhale akudya nyama, ndipo ngati amamwa metformin wa matenda a shuga, ameneyonso amamuchepetsa. Akayamba kuiwalaiwala kapena kudzandira, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba, akayezedwe. Ngati mano atha, aphikireni chipere, nandolo wofewa bwino, masamba otendera. Mafupa awo amafuna kashiamu, amene ambiri kuno timamupeza mu matemba a ku Chilwa chifukwa timadya ndi minga yomwe. Akachoka matemba, m'malo mwake mulowe mkaka, chitowe ndi masamba ochuluka. Koma kodi agogowo mwawafunsa? Ngati iwo sanasankhe okha kusiya nsomba, agulireni kamulu ka matemba awo, muziwaphikira mu kapoto kapadera.