Seva yakana kiyi yanu? Musanayikenso Ubuntu kachisanu, werengani izi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amayang'anira makompyuta pa kakampani kena kakang'ono. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Ali ndi seva ya Proxmox (pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo a virtual m'kati mwa kompyuta imodzi), ndipo analemba script yopanga makina a virtual okha, pogwiritsa ntchito cloud image ya Ubuntu 22.04 (fayilo yokhala ndi Ubuntu yoikidwa kale) ndi cloud-init, pulogalamu imene imakonza makinawo akamayaka koyamba. Makinawo amayaka bwinobwino, ping imayankha. Koma akati alowe kuchokera pa laputopu yawo ndi PuTTY, pulogalamu yogwiritsa ntchito SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta ina kudzera pa netiweki), akukumana ndi mawu akuti "Server refused our key". Kiyi yomweyo (fayilo yolowera m'malo mwa pasiwedi) imatsegula makina awo akale a Ubuntu 20.04 popanda vuto. Anayesa kulowa ngati root (akaunti yaikulu ya makinawo) ndi pasiwedi, zinakanika. Anawonjezera mu script lamulo losintha sshd_config (fayilo ya malamulo a SSH pa seva) kuti PasswordAuthentication ikhale yes, palibe chinasintha. Afufuta ndi kupanganso makinawo kanayi konse, ndipo akufunsa ngati image-yo ndi yowonongeka, akopere ina.

Achimwene, image-yo ilibe vuto, musamalize bandulo yanu pokopera ina. Ndipo kupanganso makina kachisanu kudzakubweretserani zomwezo, chifukwa script imachita lero zimene inachita dzulo. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: seva ikakukanani, imalemba chifukwa chake penapake. Kwa inu amene muli panja imangoti "ayi", mwadala, kuti wakuba asadziwe pamene walakwitsa. Chifukwa chenichenicho chili m'kati, mu log, ndipo m'katimo mungalowe ngakhale SSH itakana.

Choyamba dziwani pamene mwaimitsidwa. Mukaona "Connection timed out", ndiye kuti simunafike n'komwe: adilesi ya IP ndi yolakwika, bridge sinalumikizidwe bwino, kapena firewall ikumeza uthenga wanu. Mukaona "Connection refused", mwafika pa makinawo koma pa port 22 palibe amene akumvetsera, sshd (pulogalamu yolandira SSH pa seva) sinayikidwe kapena yalephera kudzuka. Inu muli pachitatu. Seva yakuyankhani, yaona kiyi yanu, yaikana. Choncho netiweki isiyeni, musaikhudzenso. Ndanena izi chifukwa anthu ambiri akafika apa amayamba kugwetsa firewall ndi kusintha ma IP, n'kudzipangira mavuto awiri pomwe linali limodzi.

Tsopano lowani kudzera pa console. Mu Proxmox sankhani makinawo, pitani pa Cloud-Init, ikani dzina la user ndi pasiwedi, dinani Regenerate Image, kenako yatsaninso makinawo. Pasiwedi imeneyi idzakulowetsani pa Console, pomwe mumakhala ngati mwakhala patsogolo pa makinawo ndi kiyibodi. Ngati console ikungoonetsa mdima, onjezerani serial port, chifukwa ma cloud image ambiri amalankhulira kumeneko. Mukalowa, lembani sudo journalctl -u ssh -f, ndipo zenera limenelo lili chotsegula, yesaninso kulowa ndi PuTTY. Muona seva ikulemba dandaulo lake nthawi yomweyo.

Ndikuganiza kwambiri kuti mzere umene muone unena kuti "key type ssh-rsa not in PubkeyAcceptedAlgorithms". Chimene chandipangitsa kuganiza choncho ndi mawu anu aja akuti kiyi yomweyo imagwira pa 20.04. Ubuntu 20.04 inabwera ndi OpenSSH (gulu la mapulogalamu a SSH, kuphatikizapo sshd) 8.2, pomwe 22.04 inabwera ndi 8.9. Pakati pa ziwirizi pali OpenSSH 8.8 ya mu September 2021, imene inasiya kulandira kiyi ya RSA yosainidwa ndi SHA-1, chifukwa njira ya SHA-1 inali itafooka moti anthu angathe kupeka siginecha yabodza. Mvetsani bwino apa: RSA sinaletsedwe. Kiyi yanu ya RSA ikhoza kugwirabe ntchito ngati pulogalamu yanu ikudziwa kusaina ndi SHA-2. PuTTY inayamba kudziwa zimenezi pa 0.75, ya mu 2021. Ngati PuTTY yanu ndi ija munakopera pa flash zaka zapitazo, vuto lili pa laputopu yanu, osati pa seva.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ikani PuTTY yatsopano, pamodzi ndi Pageant ndi WinSCP ngati mumazigwiritsa ntchito. Koma ine ndingakonde mupangiretu kiyi yatsopano ya mtundu wa Ed25519. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi OpenSSH, choncho mu PowerShell mungolemba ssh-keygen -t ed25519. Pa intaneti mupeza anthu akukulangizani kuwonjezera "PubkeyAcceptedAlgorithms +ssh-rsa" pa seva. Zimagwira, sindikukana. Koma kumeneko ndi kubwezera loko wothyoka pa chitseko chifukwa choti kiyi yakale mwaizolowera, ndipo mukauika mu template (makina amene ena amakoperedwa kuchokera pa iwo) mzere umenewu udzakhala pa makina onse amene mudzapange, mpaka mudzaiwale kuti ulipo. Ine sindingachite zimenezo pa makina a kampani.

Ngati log ikunena zina, nazi zimene zimapezeka kawirikawiri. "Invalid user" akutanthauza kuti dzina ndi lolakwika. Cloud image iliyonse ili ndi dzina lake: ya Ubuntu ndi ubuntu, ya Debian ndi debian, ya Rocky Linux ndi rocky, pokhapokha mutaika lanu. "Authentication refused: bad ownership or modes" akutanthauza kuti foda ya .ssh kapena ya home ndi yotseguka kwa anthu ena, kapena mwini wake ndi user wina. Zilolezo (permissions) za foda ya .ssh zikhale 700, za fayilo ya authorized_keys (mmene mumakhala makiyi ololedwa kulowa) zikhale 600, ndipo foda ndi fayiloyo zikhale za user-yo. Tsegulaninso authorized_keys muone ndi maso anu. Kiyi iliyonse iyenera kukhala pa mzere umodzi woyamba ndi ssh-ed25519 kapena ssh-rsa. Fayilo imene PuTTYgen, pulogalamu yopangira makiyi a PuTTY, imasunga mukadina Save public key, yoyamba ndi "BEGIN SSH2 PUBLIC KEY", ndi ya mtundu wina ndipo sigwira mmenemo. Yoyenera ndi ija ili m'bokosi la pamwamba pa zenera la PuTTYgen.

Fayilo ya authorized_keys ikakhala yopanda kanthu, ndiye kuti cloud-init sinawerenge malangizo anu. Lembani cloud-init status --long, ndipo werengani /var/log/cloud-init-output.log. Ngati munalemba nokha fayilo ya user-data, ya malangizo a cloud-init, mzere wake woyambirira uyenera kukhala #cloud-config ndendende, ndipo YAML, kalembedwe ka fayiloyo, sifuna tab ngakhale imodzi. Lamulo la sudo cloud-init schema --system likuuzani mzere umene walakwika.

Ndibwere ku nkhani ya pasiwedi, chifukwa apa simunalakwitse poganiza, koma fayilo ndi imene inakupusitsani. Root anakanidwa chifukwa kuyambira pa OpenSSH 7.0, mu 2015, PermitRootLogin imabwera ili prohibit-password, ndipo pa Ubuntu akaunti ya root imabwera yopanda pasiwedi yogwira ntchito. Nanga PasswordAuthentication yes munalemba uja anapita kuti? Pamwamba pa sshd_config pali mzere wa Include, umene umayamba wawerenga mafayilo onse a mu foda ya /etc/ssh/sshd_config.d. Ndipo sshd ili ndi khalidwe losiyana ndi mapulogalamu ambiri: imatenga yankho loyamba limene yapeza, osati lomaliza. Mu cloud image ya Ubuntu 22.04 muli fayilo yotchedwa 60-cloudimg-settings.conf imene imati PasswordAuthentication no. Sshd imafika pa yes wanuyo itagamula kale mlandu. Kuti muone zimene ikutsatiradi, osati zimene mukuganiza kuti munaiuza, lembani sudo sshd -T, n'kuyang'ana mzere wa passwordauthentication. Lamulo limeneli ndimalikonda kuposa ena onse pa ntchito iyi.

Ngati mukufunadi pasiwedi, njira yake ndi kulemba ssh_pwauth: true mu user-data. Cloud-init idzalemba fayilo ya 50-cloud-init.conf, imene imawerengedwa isanafike ya 60. Koma kiyi ikangoyamba kugwira, pasiwediyo isiyeni yotseka. Makina aliwonse amene port 22 yake ikuoneka pa intaneti amagogodedwa usana ndi usiku ndi mapulogalamu ongoyesa mayina ndi mapasiwedi, ndipo mukatsegula log ya seva yotere mudzadabwa kuchuluka kwake.

Pali chinthu china chimene simunafunse, koma chikukudikirani kutsogoloku. Tsiku lina mudzakonza makina amodzi bwinobwino, n'kuwasandutsa template. Zinandichitikira ine zaka zapitazo: makina atatu ochokera mu template imodzi, SSH ikulowa mphindi ino, mphindi yotsatira ikukana, kenako ndikupezeka ndili m'makina ena osati amene ndimafuna. Onse atatu anali atapatsidwa IP imodzi. Pa Ubuntu, chizindikiro chimene makina amapereka popempha adilesi ku DHCP (seva yogawa ma IP) chimachokera mu fayilo ya /etc/machine-id, ndipo onse anali atatengera nambala imodzi ya mayi wawo. Choncho musanapange template, lembani sudo truncate -s 0 /etc/machine-id, kuti fayiloyo ikhalepo koma yopanda kanthu, ndiponso sudo cloud-init clean. Anthu ena amafufutanso makiyi a seva a mu /etc/ssh, zomwe ndi zabwino ngati cloud-init ilipo yoti ipange ena. Ikakhala palibe, sshd imakana kudzuka n'kulemba kuti "no hostkeys available", inu kunja n'kumaona "Connection refused". Zikatero lowani pa console, lembani sudo ssh-keygen -A, n'kuyatsanso ssh.

Komaliza, popeza mwapanga makinawa kanayi pa adilesi imodzi, laputopu yanu ichenjeza kuti kiyi ya seva yasintha. Pa makina amene mwangowapanganso nokha, zimenezo n'zoyembekezeka. Ngati mukulowa ndi PowerShell, chotsani yakaleyo ndi ssh-keygen -R kutsatira adilesiyo. Koma musanavomere yatsopanoyo, lembani pa console ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub, muyerekeze zilembo zimene zituluke ndi zimene laputopu ikukuonetsani. Log ikanena china chosiyana ndi zonse ndatchulazi, nditumizireni mzerewo monga mmene ulili, achimwene, tidzauwerengere limodzi.