Monita yafika yosweka, ogulitsa akuti ndaswa ndine

FUNSO

Zikomo a Mlangizi. Ndinaitanitsa monita ya mainchesi 24 pa sitolo ina ya pa intaneti kuti ndizigwirira ntchito yanga yojambula mapulani a nyumba. Katoni inafika Lachiwiri madzulo ngodya imodzi itafwanyika pang'ono, koma wobweretsa katundu anali pachangu ndipo ndinangosaina osatsegula. Nditaitulutsa, galasi linali losalala bwinobwino, lopanda ndi kamng'alu komwe. Kuyatsa, kumunsi chakumanzere kunaoneka chibanga chakuda ngati inki yotayika, ndipo kuchokera pamenepo mizere yofiira ndi yobiriwira yakwera mpaka pamwamba. Ndinawalembera ogulitsa usiku womwewo. Ayankha kuti poti ndinasaina ndiye kuti katundu anafika bwino, ndipo ndikadandaule kwa kampani yopanga monitayo chifukwa ili ndi waranti. Kodi ingakonzeke? Nanga ndalama zanga zapita basi? Katoni ndikadali nayo.

Mayi wojambula mapulani

YANKHO

Mayi, mawu anu omalizawo ndi amene andikhazika mtima pansi. Katoniyo musataye, pamodzi ndi zotchingira zoyera zam'kati zija, ngakhale ana ailirire kuti aseweretse. Ndiye mboni yanu yaikulu. Ine ndinaluzapo monita chifukwa cha katoni. Ndinaitaya tsiku lomwe inafika, monitayo n'kuikhazika pakona sabata yathunthu ndikudikira tebulo. Tsiku loyatsa, chibanga chonga chanuchi chinali tayale! Ogulitsa anangondifunsa funso limodzi, lakuti masiku 7 onsewo inali m'manja mwa ndani, ndipo ndinasowa chonena.

Mwadabwa kuti galasi ndi losalala koma chithunzi n'chowonongeka. Chimene chala chanu chikukhudza si galasi ayi, ndi kapulasitiki kopyapyala komatidwa pamwamba. Pansi pake pali magalasi awiri, lililonse losakwana milimita imodzi kukhuthala kwake, ndipo pakati pawo pali timadzi totchedwa liquid crystal, timene timatsegula ndi kutseka njira ya kuwala kochokera ku nyali za LED zakumbuyo. Katoni ikagwa chogunda ngodya, kapena wina akaisanjikiza katundu wolemera m'galimoto, galasi lam'katilo limathetheka kapulasitiki kapamwamba kali gwa. Chibanga chija ndi malo amene timadzito tasokonekera. Mizere ija ndi timawaya tosaoneka ndi maso toyenda m'galasimo, timene taduka pamng'alupo.

Chitani izi lero. Zulani chingwe cha HDMI, cholumikiza monita ku kompyuta, musiye cha magetsi chokha, kenaka dinani batani la menyu pa monitayo. Chibanga chikaoneka pamenepo, kompyuta yanu ndi chingwe zilibe mlandu, ndipo ogulitsa sangakuzunguzeninso ndi zoti "yesani chingwe china". Mukatero izimitseni, muunike ndi tochi ya foni chammbali. Nthawi zambiri mng'alu umaoneka ngati tsitsi, ndipo mutha kuulondola mpaka pamene unayambira. Ukakhala kuti wayambira mbali yomwe inayang'anizana ndi ngodya yofwanyika ya katoni, jambulani ziwirizo m'chithunzi chimodzi, monita ili yoyaka. Jambulaninso chipepala cha adiresi chomatidwa pa katoni ndi nambala ya siriyo imene ili kumbuyo kwa monita.

Zokonza iwalani. Galasi lothetheka silimatika, amachita kusintha sikirini yonse, ndipo sikiriniyo ndiyo imadya gawo lalikulu la mtengo wa monita. Mavidiyo a pa YouTube onena zosisita ndi kansalu amakamba za kadontho kamodzi kokakamira mtundu umodzi, osati mng'alu. Mukasisita mungokulitsa chibanga, ogulitsa n'kupezerapo ponamizira.

Pamenepa ndikuchenjezeni za mawu. M'kalata yanu musalembe kuti monita ili ndi madontho akufa. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo makampani ambiri, potsamira muyezo wa ISO 9241-307, salandira dandaulo la kadontho kamodzi kapena tiwiri tozima. Mukatchula mawu amenewo akuponyerani lamulo limenelo. Lembani kuti katundu anafika wosweka.

Tsono zoti mupite ku waranti zija, kumeneko n'kukusocheretsani dala kapena mosadziwa. Waranti imateteza zolakwika za ku fakitale. Chosweka pafupifupi makampani onse amachikana, ndipo pomwe azidzakuyankhani kuti ayi, masiku obwezera katundu ku sitolo adzakhala atatha. Amene munachita naye malonda ndi wogulitsa. Iye ndiye analemba ntchito kampani yonyamula katundu, ndipo ngati pali kulipiritsana, akalipiritsane okhaokha.

Siginecha yanu ikungosonyeza kuti phukusi munalandira. Sikunena kuti munayatsa monita pakhomo n'kuiona ili bwino. Kukanakhala bwino mukanalemba pambali kuti katoni yafwanyika, koma kusalembako sikukupha mlandu wanu, makamaka poti munadandaula usiku womwewo. Uthenga umenewo, wokhala ndi tsiku ndi nthawi yake, usungeni. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye onani kumene sitoloyo inalembetsedwa. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu ali pamutu pa wogulitsa mpaka atafika m'manja mwa wogula, ndipo limapereka masiku 30 okana katundu wowonongeka n'kulandira ndalama zonse. M'mayiko a European Union, chogula pa intaneti mutha kubweza pasanathe masiku 14 ngakhale popanda chifukwa.

Simunanene kuti munalipira bwanji, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu zanu. Ngati ndi PayPal, kampani yolipirira zinthu pa intaneti, musachedwe kutsegula dandaulo, ndipo mukalitsegula muli ndi masiku 20 okha oti mulikweze kuti a PayPal agamule, apo ayi limadzitsekera lokha. Ngati munagula pa msika wa pa intaneti wa eBay, muli ndi masiku 30 odandaula kuchokera tsiku lolandira katundu. Ngati ndi khadi ya Visa kapena Mastercard, pitani ku banki yanu mukapemphe chargeback, kutanthauza kuti banki ikabweze ndalamazo kuchokera kwa wogulitsa. Kawirikawiri malire ake ndi masiku 120, koma musadikire kuti ayandikire.

Alembereninso ogulitsawo kamodzi, mwaulemu ndi mwachidule. Tumizani zithunzi, nenani chimene mukufuna, monita ina kapena ndalama zonse, ndipo apatseni masiku 7. Zonse zilembedwe pa tsamba lomwe munagulira kapena pa imelo. Akakuimbirani foni ndi mawu okoma, auzeni alembe. Ena akaona kuti mwatsegula dandaulo amayamba kunyengerera kuti mulitseke kaye ndipo ndalama atumiza mawa. Musatseke ndalama zisanalowe, chifukwa pa PayPal dandaulo lotsekedwa silitsegulidwanso. Enanso amati akubwezereni kagawo kochepa monitayo musunge. Kwa munthu wojambula mapulani, amene ntchito yake ndi mizere yowongoka, monita yodzilembera mizere yakeyake ilibe ntchito ngakhale atakupatsani theka.

Akavomera kuti muibweze, mtengo wotumizira ukhale wawo, ndipo muumirire pamenepo. Ilongedzeni m'katoni yomweyo monga inabwerera, mujambule musanamate, ndipo musunge lisiti yokhala ndi nambala yolondolera phukusi. Yatsopano ikadzafika, foni idzakhale ikujambula vidiyo kuyambira pa katoni yomata mpaka monita itayaka, osadukiza. Poitulutsa mudzagwire m'mbali mwa chimango, chala chachikulu chisapanikize sikirini.