Mafunso a Owerenga: Luton Town inakwera bwanji mu Premier League itamaliza pa nambala 3?

Funso: Akulu, ine ndimatsata mpira wa ku England pa wayilesi, koma pali chimene chimandizunguza. Mu 2023 Luton Town inamaliza pa nambala 3 mu ligi ya Championship, komabe inakwera mu Premier League. Malamulo ake ndi otani? Wowerenga wa ku Mchinji.

Yankho: Bambo, mu Championship, ligi yachiwiri ya ku England, muli matimu 24 ndipo iliyonse imasewera masewero 46. Awiri apamwamba amakwera basi, popanda zina. Chaka chimenecho anali Burnley ndi mapointi 101 komanso Sheffield United ndi 91. Mu 2023 malo achitatu okwerera ankalimbirana matimu omaliza pa nambala 3 mpaka 6. Luton inali ndi mapointi 80, Middlesbrough 75, Coventry City 70, Sunderland 69. Wa nambala 3 ankakumana ndi wa nambala 6, wa nambala 4 ndi wa nambala 5, kawiri: koyenda ndi pakhomo. Amene anamaliza pamwamba amasewera mwendo wachiwiri pakwawo. Zigoli za masewero awiriwo zimaphatikizidwa, ndipo chigoli cha koyenda sichiwerengedwa pawiri ayi. Akafanana mphamvu amawonjezera mphindi 30, zikakanikabe amapita ku mapenate. Opambana awiriwo amakathana pa bwalo la Wembley, masewero amodzi okha.

Funso: Anzanga kuntchito amati Luton inangochita mwayi. Kodi n'zoona? Wowerenga wa ku Ndirande.

Yankho: Apo ndikana, achimwene. Mwayi sutenga timu masewero 46. Luton inapambana 21, inafanana mphamvu 17, inagonja 8 okha. Inagoletsa zigoli 57, zomwe si zambiri, koma inalola 39 zokha. Mphamvu yake inali kumbuyo.

Mu Novembala 2022 mphunzitsi Nathan Jones anapita ku Southampton, m'malo mwake munalowa Rob Edwards, yemwe Watford inali itangomuchotsa ntchito. Edwards sanagwetse nyumba imene anaipeza. Anasunga otchinga kumbuyo atatu, osewera awiri othamanga m'mbali, ndi zimphona ziwiri kutsogolo, Carlton Morris ndi Elijah Adebayo. Mpira unkaponyedwa msanga kwa awiriwa, iwo n'kuugwira ndi chifuwa, kutchinga ndi msana kudikira anzawo. Morris anamwetsa zigoli 20 mu ligi. Mu Januwale 2023 Luton inabwereka Marvelous Nakamba wa ku Zimbabwe kuchokera ku Aston Villa. Ntchito yake inali imodzi: kuima patsogolo pa otchinga kumbuyo, kulanda mpira, kuupereka pafupi. Amene anaonera masewero a miyezi imeneyo akudziwa mmene pakati pa Luton panaumira atafika mnyamatayu.

Onani zimene zinachitika ndi Sunderland. Koyenda, Adebayo anayamba kugoletsa, koma Amad Diallo anabweza ndi chiphuliphuli cha patali, Trai Hume n'kuwonjezera ndi mutu: 2-1. Sunderland inali ndi anyamata aluso koma aafupi, ndipo otchinga kumbuyo ake odalirika anali ovulala. Pa Kenilworth Road, bwalo lopanikizana la Luton limene nthawi imeneyo linkalowa anthu ongopitirira 10,000, kumene ochemerera timu yobwera amalowera pakati pa nyumba za anthu mu Oak Road, Luton inangothira mipira ya m'mwamba. Gabriel Osho ndi kaputeni Tom Lockyer, onse otchinga kumbuyo, anagoletsa chigawo choyamba chisanathe, zigoli zonse zochokera ku mipira ya pakona. Zinatha 2-0, pophatikiza 3-2. Kumeneko ndi kudziwa pofooka pa mnzako.

Funso: Fainolo ija sindinaionere, magetsi anali atazima. Tandiuzeni mmene inayendera. Wowerenga wa ku Kasungu.

Yankho: Pepani mayi, munaphonya zoopsa. Linali tsiku la 27 Meyi 2023, Luton ndi Coventry. Masewero atangoyamba Lockyer anagwa yekha popanda womugunda, anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala. Pambuyo pake kunapezeka kuti mtima wake sunkagunda bwino. Anzake sanabalalike. Adebayo anazungulira wotchinga kumanzere, kupatsira Jordan Clark, chigoli pa mphindi 23. Chigawo choyamba chonse chinali cha Luton, ndipo cholakwa chawo n'chakuti sanawonjezere chachiwiri. Timu yosewera mwamphamvu chonchija imatopa, ndiye Coventry itabwera kopuma inayamba kuthamangitsa Viktor Gyökeres m'mipata ya m'mbali. Iyeyo ndi amene anapatsira Gustavo Hamer kubweza pa mphindi 66. M'mphindi zowonjezera Joe Taylor wa Luton anagoletsa, koma chigolicho chinakanidwa chifukwa VAR, kanema wothandiza woimbira mpira, inaonetsa kuti mpira unamugunda pamkono.

Pa mapenate onse khumi oyamba analowa, Nakamba nayenso anamwetsa yake. Dan Potts wa Luton anagoletsa yachisanu ndi chimodzi, Fankaty Dabo wa Coventry anamenya pamwamba: 6-5. Pelly Ruddock Mpanzu wa Luton anakhala wosewera woyamba kuchoka ndi timu imodzi kunja kwa maligi anayi akuluakulu mpaka ku Premier League. Kumbukirani kuti Luton inalandidwa mapointi 30 mu 2008, inatuluka m'maligiwo mu 2009 n'kubwereramo mu 2014.

Funso: Nanga bwanji Luton inatsika msanga, itangosewera chaka chimodzi mu Premier League? Wowerenga wa ku Chipata.

Yankho: Chimene chinaikweza chinatha mphamvu. Mu Premier League inkagoletsa ndithu, koma inalola zigoli 85 m'masewero 38, n'kumaliza pa nambala 18 ndi mapointi 26. Mu Disembala 2023 mtima wa Lockyer unaima ali m'bwalo ku Bournemouth. Madokotala anamupulumutsa koma sanasewerenso chaka chimenecho. Nakamba anavulala bondo mwezi womwewo. Timu ya ndalama zochepa ikataya msana wotere, pabenchi sipakhala wina wofanana naye. Mu 2025 inatsikanso kupita ku League One, ligi yachitatu.