Yang'anani pa imfa ya Rue

Achimwene, mwafunsa kuti m'buku la The Hunger Games la Suzanne Collins, lomwe linatuluka mu 2008, ndi pati pomwe Katniss, mtsikana yemwe ndi mwininkhani m'bukuli, anagalukiradi boma la Capitol. Ambiri angakuuzeni za zipatso zapoizoni zija kumapeto, pomwe iye ndi Peeta, mnyamata wa kwawo, anaopseza kudzipha limodzi kuti masewera ophana omwe boma linawaikamo asakhale ndi wopambana. Inde, pamenepo akuluakulu anachita manyazi. Koma ine ndimati zinayambira pa imfa ya Rue.

Paja chaka chilichonse boma limatenga ana 24, awiriawiri m'zigawo 12, kuti aphane dziko lonse likuonerera pa kanema. Limafuna kuti mwana wa chigawo china aziona mnzake ngati mdani basi. Ndiye Rue, kamtsikana ka zaka 12 ka kuchigawo cha District 11 komwe kanalinso m'masewerawo, atalasidwa ndi mkondo, Katniss sanathawe. Anamuimbira nyimbo mpaka anatsirizika, kenako anathyola maluwa akutchire n'kumuika m'tsitsi ndi pabala paja. Palibe lamulo lomwe anaphwanya, komabe anaonetsa dziko kuti wafayo anali mwana wa munthu. Anthu a ku District 11, amphawi choncho, anasonkherana n'kumutumizira Katniss buledi. Ine powerenga apa ndinayamba ndatseka buku kaye.

Potsanzikana ndi mtembowo Katniss anakweza zala zitatu, mwambo wakwawo ku District 12. Chizindikiro chomwecho anachitola achinyamata ochita zionetsero ku Thailand mu 2014 asilikali atalanda boma, ndiponso ku Myanmar mu 2021.