Mafunso a Owerenga: Mfuti Yapulasitiki Imene Malume Anabweretsa

FUNSO

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Luchenza m'boma la Thyolo. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera pa Khirisimasi anatisiyira makina a magemu otchedwa Wii, mfuti yapulasitiki ndi madisiki anayi. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 12, yemwe ali mu Sitandade 6, wakondetsetsa disiki imodzi yolembedwa The House of the Dead: Overkill, momwe amaloza mfutiyo pa kanema n'kumawombera mitembo yoyenda, mitu ikuphulika ndipo magazi akungoti mbwee. Chingerezi sindichimva kwenikweni, koma sabata yatha agogo ake atamutuma kuti akatunge madzi iye ali mkati mosewera, anawayankha ndi liwu lina limene mlongo wake wa Fomu 3 atalimva anagwira pakamwa, n'kundinong'oneza kuti ndi chitukwano chachikulu. Agogowo akuti makinawo ndi a ndondocha ndipo tiwatenthe. Pa chikuto pali nambala 18, imene ine ndinkayesa mtengo wake. Kodi mwanayu adzakhala chigawenga? Nanga nditani, popeza amene anabweretsa zimenezi ndi malume ake enieni?

Mayi wodandaula, Luchenza

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Nambala 18 imene mwaionayo si mtengo ayi, koma ndi zaka zimene munthu ayenera kukwanitsa asanasewere gemuyo, choncho mwana wanu watsala ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ku Ulaya kuli ndondomeko yotchedwa PEGI, imene kuyambira mu 2003 imaika nambala 3, 7, 12, 16 kapena 18 pa magemu, ndipo kuseri kwa chikuto imaikanso tizithunzi: chibakera chimatanthauza chiwawa, kangaude amatanthauza zoopsa, ndipo kachizindikiro kooneka ngati mawu akutuluka m'kamwa kamatanthauza kutukwana. Ku America ntchito imeneyi imagwiridwa ndi bungwe la ESRB, limene linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu a kumeneko atadandaula za magazi a m'magemu monga Mortal Kombat, ndipo gemu ya mwana wanuyi anaipatsa chilembo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Eni ake sanabise kalikonse, vuto ndi lakuti kuno kwathu palibe amene anatiphunzitsa kuwerenga zizindikirozi.

Magemu a The House of the Dead anayambitsidwa ndi kampani ya Sega ya ku Japan m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba ankaseweredwa pa makina aakulu ngati kabati, oponyamo ndalama zachitsulo, m'malo achisangalalo a m'matauni. Kapangidwe kake kakuchokera kumeneko. Wosewera sasankha koti apite, chifukwa gemuyo imamuyendetsa yokha ngati sitima ya pamtunda, ndipo ntchito yake ndi kuloza, kuwombera ndi kuthira zipolopolo zina basi. Adani amatulukira motsatizana osapatsa munthu mpata wopuma, ndipo amene akuwombera osaphonya mapointi ake amachulukirachulukira, pamene wophonya kamodzi amayambiranso kuwerenga. Mwini makina oponya ndalama ankafuna kuti munthu asafune kuchokapo, ndipo n'chifukwa chake mwana amene watumidwa kumjigo ali pakati pa nkhondo yotere amayankha mopsa mtima. Sindikumuikira kumbuyo, ndikungokuonetsani pamene panayambira moto.

Imene muli nayoyo inatuluka mu 2009, ndipo anaikonza ndi a Headstrong Games a ku London. Anaipanga dala kuti ioneke ngati mafilimu oopsa otchipa a m'zaka za m'ma 1970, okhala ndi zithunzi zokalikakalika ndi nkhani zokokomeza. Nkhani yake ikuchitikira ku Louisiana mu 1991, komwe wofufuza milandu wotchedwa Agent G ndi wapolisi Isaac Washington akusakasaka chigawenga chotchedwa Papa Caesar kudutsa m'chipatala, m'sitima, m'dambo ndi m'ndende. Washington ndiye sangamalize chiganizo osatukwana. Buku la Guinness World Records linalemba gemuyi kuti inaposa magemu onse a nthawi imeneyo pa kutukwana, popeza liwu limodzi lolaula la Chingerezi limamvekamo ka 189, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi lomwelo limene linagwiritsa mwana wanu wamkazi pakamwa. Kumapeto kwake kulinso nkhani yonyansa yokhudza munthu ndi mayi ake omubereka, imene sindingailembe m'magazini ino.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhawa yanga, kuposa pa magazi. Kwa munthu wamkulu wa ku London, kutukwana kopyola muyesoku ndi nthabwala, chifukwa iye amadziwa mafilimu amene akunyozedwawo ndipo amadziwa kuti wapolisi weniweni sayankhula chotero. Mnyamata wa Sitandade 6 ku Luchenza sadziwa zimenezo. Iye akulimbana ndi Chingerezi kusukulu, akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti wodziwa Chingerezi ndiye wotsogola, kenaka akumva ngwazi ya mfuti ikubwereza liwu limodzi kangapo pa mphindi zochepa, momveka bwino kuposa mmene aphunzitsi angabwerezere liwu lililonse m'kalasi ya ana ochuluka. Liwu lotere limalowa msanga, ndipo limalowa lopanda kulemera kwake. Mwana yemweyo sangayerekeze kutchula chitukwano cha Chichewa kapena cha Chilomwe pamaso pa agogo ake, pakuti lilime lingamulemere, koma cha Chingerezi amachiona ngati chovala chobwereka chimene angavale n'kuvula. Ndikukayika ngati iye akudziwa n'komwe chimene ananena.

Za ndondocha, agogo musawaseke. Kwathu kuno ndondocha ndi munthu amene anthu amakhulupirira kuti anaphedwa m'matsenga, n'kudulidwa lilime kuti azigwirira ntchito mwini chuma, ndipo liwu lakuti zombie limene azungu amatchulira mitembo yoyendayi linatchuka kuchokera ku Haiti, komwe kuli chikhulupiriro chofanana kwambiri ndi chimenechi. Choncho agogo sanaphonye patali pofananitsa. Koma za mu gemuyi ndi zojambula za pakompyuta, ndipo ngakhale m'nkhani yakeyo anthuwo asanduka chifukwa cha mankhwala opangidwa ndi asayansi, osati ufiti. M'makinamo mulibe chizimba chilichonse. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti nkhaniyi isatuluke pakhomo panu ili yopotoka. Inu a ku Thyolo ndi Mulanje mukukumbukira bwino chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Mawu akuti kunyumba kwa auje kuli makina a magazi ochokera kunja akhoza kufika pamsika atasintha kale maonekedwe, ndiye ndi bwino kuwakhazika pansi agogo, kuwaonetsa disikiyo m'manja, ndi kuwaikira gemu ina kuti aone kuti makina omwewo amaonetsanso mpira.

Funso lakuti adzakhala chigawenga ndilo akatswiri alifufuza kwa zaka zambiri. Bungwe la akatswiri a zamaganizo la American Psychological Association linanena mu 2020 kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti magemu achiwawa amachititsa munthu kuchita zaupandu, ngakhale linavomereza kuti pali kugwirizana kochepa pakati pa magemuwa ndi ukali wa tsiku ndi tsiku monga kukalipa ndi kukankhana. Zimene mwaona kunyumba kwanu zikugwera m'gulu lachiwirili. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda, koma limanena za munthu amene walephereratu kudziletsa, wasiya sukulu kapena ntchito, ndipo kawirikawiri wakhala chotero kwa miyezi 12. Mwana amene wayamba pa Khirisimasi sanafike pamenepo. Muyang'anire tulo take, chifukwa ana ena a msinkhu umenewu amalota zoopsa koma amachita manyazi kunena, ndiponso muyang'anire makope ake akusukulu.

Makinawo musawatenthe. Chotsani disiki imodziyo, muonenso nambala za pa atatu otsalawo, ndipo mupemphe mwana wanu wamkazi kuti alowe pa Wii Settings, apeze pamene palembedwa Parental Controls, muikepo nambala yachinsinsi ya manambala anayi ndi msinkhu umene mukulola, kotero kuti ngakhale mnyamatayo atabwereka disiki ya akuluakulu kwa anzake makinawo adzaikana. Magemu ngati Mario Kart Wii, amene ndi mpikisano wa timagalimoto, ali ndi nambala 3 ndipo amaseweredwa ndi anthu angapo nthawi imodzi. Muikenso lamulo lakuti madzi, mbale ndi ntchito yakusukulu zithe kaye kanema asanayatsidwe.

Achimwene anuwo muwaimbire foni, koma osati mowazenga mlandu, popeza n'kutheka kuti anagula zonsezo pamodzi kwa wogulitsa zakale osayang'ana zikuto. Kwanuko malume ndiye mwini mbumba, ndipo mawu awo pa mwana wa mlongo wawo amalemera, makamaka pamene mphatso yawo ndiyo yabweretsa chipongwe pakhomo. Ayankhule ndi mphwawoyo iwo eni, amuuze mwamseri, mwamuna ndi mwamuna, tanthauzo la liwulo m'Chichewa chosapsatira, kuti amve yekha chimene anaponyera agogo ake. Akatero mwanayo apite akagwade pamaso pa agogo ndi kupepesa m'chinenero chimene iwo amamva. Disikiyo muitsekere m'sutikesi mpaka malume adzabwerenso kudzaitenga, popeza iwo zaka 18 anazipitirira kalekale.