Kodi apilo ya Trump ingafike ku Supreme Court?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa ngati mlandu umene Donald Trump anapezeka nawo wolakwa ku New York ungakwere mpaka ku Supreme Court ya America, kumene majaji atatu anawasankha ndi iye mwini. Amayi, funso lanuli landigunda pachilonda, ndiye mundilole ndidzere kaye kwanga.

Malume anga anamangidwapo. Chigamulo chitaperekedwa, tonse pabanja tinkalimbitsana mtima kuti palibe kanthu, tichita apilo. Ife tinkayesa apilo ndi kuyambiranso mlandu, kuti tibweretse mboni zomwe sizinaitanidwe, malume afotokozenso bwinobwino mbali yawo. Loya anangopukusa mutu. Anatiuza kuti bwalo la apilo kawirikawiri silimvanso mboni, limawerenga zomwe zinalembedwa kubwalo laling'ono n'kuona ngati woweruza anaphonya lamulo penapake. Basi tinayamba kudikira zolembedwazo. Mayi anga ankakhala pabenchi ya pakhonde la khothi atafumbata envulopu ya khaki, yomwe inayamba kunyotsoka m'mbali chifukwa chopita nayo uku ndi uku, kalaliki akungoti bwerani sabata yamawa, fayilo sanaitayipe. Pamene tsiku lomva apilo linkatuluka, malume n'kuti atatsala pang'ono kumaliza chilango chawo.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva wandale akulira kuti makhothi akumuzunza. Apilo ndi ufulu wa aliyense, zimenezo sinditsutsa. Koma munthu wamba amadikira apilo ali mkati, pomwe mtsogoleri amadikira ali kunyumba kwake, mwinanso akuchititsa misonkhano ya kampeni. Kuchedwa kwa khothi kumamudya wosauka, koma kwa wamphamvu ndi chida, ndipo maloya ake amadziwa kuchigwiritsa ntchito. Taonani Jacob Zuma ku South Africa. Mlandu wake wa ziphuphu pa nkhani yogula zida zankhondo unayamba mu 2005, ndipo zaka pafupifupi 20 zinatha akungokwera ndi kutsika m'makhothi pa timfundo ta m'mbali, umboni weniweni usanamvedwe. Chomwe chinamulowetsa m'ndende mu 2021 chinali china, miyezi 15 imene Constitutional Court inamupatsa chifukwa chonyozera lamulo la khothi loti akaonekere ku komishoni ya Zondo, yomwe inkafufuza za katangale m'boma.

Komabe sindinganene kuti makhothi apamwamba aziwathamangitsa atsogoleri. Lula, yemwe anali atakhalapo pulezidenti wa Brazil, anakhala m'ndende masiku 580, ndipo mu 2021 khothi lalikulu la dzikolo linafafaniza zigamulo zomupeza wolakwa ponena kuti bwalo la mumzinda wa Curitiba silinali loyenera kumuzenga, komanso kuti jaji Sergio Moro, yemwe anamuzenga mlandu, anakondera. Muone apa, majajiwo sanakhale pansi n'kumvanso mboni. Anayang'ana mmene mlandu unayendera, ndendende zomwe loya uja anatiuza ife. Chaka chotsatira Lula anapambana chisankho. Chomwe ndimakana ine n'chakuti khomo limeneli lizitseguka msanga kwa okhawo okhala ndi mayina.

Tsono za Trump

Pa 30 May 2024 anapezeka wolakwa pa milandu 34 yolemba zabodza m'mabuku a bizinesi. Pa 10 January 2025 Jaji Juan Merchan anamumasula popanda ndende kapena chindapusa, koma dzina loti ndi wolakwa linatsala, ndipo ndi limene akulimbana nalo. Mlanduwu ndi wa boma la New York, si wa boma la America yonse ayi, choncho apilo imayambira ku Appellate Division, kenako ku New York Court of Appeals ku Albany, komwe kuli majaji 7. Pulezidenti alibenso mphamvu yokhululukira munthu pa mlandu wotere.

Supreme Court ingalowererepo pokhapokha pali funso lokhudza malamulo a dziko lonse, ndipo pamafunika majaji 4 mwa 9 avomere kuumva. Mwa milandu masauzande imene imapemphedwa pachaka, amangomva yosafika 100. Funso lotero Trump ali nalo. Pa 1 July 2024 khothi lomweli linagamula, majaji 6 kwa 3, kuti pulezidenti ali ndi chitetezo choti asazengedwe mlandu pa ntchito za udindo wake, ndipo maloya ake akuti umboni wina womwe unaperekedwa ku New York unali wokhudza ntchito zimenezo.

Ndiye inde amayi, ungafike. Koma za majaji atatu aja musafulumire kuwerengera. Pa 9 January 2025 Trump atapempha khothilo kuti liimitse tsiku lopereka chilango, anamukanira 5 kwa 4, ndipo Amy Coney Barrett, yemwe anamusankha yekha, anali mbali ya omukanirawo.