Kodi mwana angakhale wabata?

Mphunzitsi wina wa sukulu ya pulayimale m'boma la Dedza walemba motere: "Polemba lipoti la kumapeto kwa teremu ndinanena za mtsikana wina kuti ndi mwana wabata. Mnzanga wina anati ndikanalemba kuti ndi wofatsa, pamene wina anati ndikanalemba kuti ndi wodekha. Kodi mawu atatuwa si amodzi? Nanga bata ndi mtendere zimasiyana pati, popeza timazitchula pamodzi nthawi zonse?"

Aphunzitsi, mwafunsa funso limene ndakhala ndikulakalaka kuti wina alifunse, ndipo anzanu awiriwo sanakusokeretseni. Mawu atatuwa ndi apachibale pa tanthauzo, koma aliwonse ali ndi pokhala pake, ndipo mawu oti bata pokhala pake si pa munthu.

Bata ndi dzina la m'gulu la Li-Ma, n'chifukwa chake timati bata lalikulu kapena bata labwerera, koma simudzamva munthu akulichulukitsa kuti mabata. Chofunika kwambiri ndi kumvetsera aneni amene amayenda nalo. Timati kwagwa bata, m'mudzi muli bata, apolisi akhazikitsa bata, anyamata asokoneza bata. M'ziganizo zonsezi bata likupezeka pamalo, ndipo likubwera kapena kuchoka monga momwe imachitira nyengo. Amene anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yake itachitika motsogozedwa ndi William Murray, anali ndi khutu labwino pa mawu amenewa. Pa Marko 4:39, pamene Yesu adzudzula mphepo, akuuza nyanja kuti, "Tonthola, khala bata," ndipo vesilo likupitiriza kuti mphepo inaleka, ndipo kunagwa bata lalikulu. Taonani kuti wouzidwa kukhala bata pamenepo ndi nyanja, osati ophunzira amene anali ndi mantha m'ngalawamo.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu amenewa anakulira kunyanja, ndipo kumtunda tinangowabwereka. Ndili mnyamata ndinkapita kukakhala kwa amalume anga m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mwera unkatha kuwomba masiku otsatizana osapuma. Mabwato ankakhala atawakokera pamchenga, asodzi akungosoka makoka pansi pa mtengo, ndipo ndiwo zinkasowa m'nyumba ngakhale kuti nyanja inali pakhomo pomwepo. Tsiku lina m'mamawa munkadzuka n'kumva kuti mkokomo wa mafunde, umene makutu anauzolowera usiku wonse, palibe. Amalume ankatuluka, kuyang'ana madzi kanthawi, n'kunena mawu awiri okha kuti, "Kwagwa bata," ndipo anyamata ankayamba kukonza nyali zokaphera usipa. Sindinawamvepo akutchula munthu aliyense kuti wabata, ngakhale mkulu wina wa pamudzipo amene sankakweza mawu pa mlandu uliwonse. Bata linali la nyanja, la mphepo ndi la mudzi, ndipo linkadziwika chifukwa cha chipwirikiti chimene chinalipo lisanagwe. Ophunzira ena amafunsa ngati mawuwa ali pachibale ndi dzina la nsapato za Bata, ndipo yankho ndi lakuti ayi, pakuti limenelo ndi dzina la banja la Tomáš Baťa, amene anayambitsa kampaniyo mu 1894 m'tauni ya Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic.

Tikafika pa munthu, mawu oyenera kuyamba nawo ndi kudekha, ndipo awa ndiwo ndimawakonda kuposa onse. Ali ndi mnzake wofanana naye kwambiri, kudikha, amene ambiri timamudziwa kudzera pa Salimo 23, pamene mbusa atsogolera nkhosa kumadzi odikha. Ine ndimaona kuti kudekha ndi kudikha ndi mawu amodzi amene anangosiyana katchulidwe, kenako anthu anagawa ntchito, kudikha n'kutsalira pa madzi, kudekha n'kupita pa munthu. Aliyense amene anatungapo madzi pachitsime cha kudambo nthawi yadzinja akudziwa chimene chimachitika. Madzi amafika pakhomo ali ofiirira, ndipo mayi amauza mwana kuti asamwe kaye, ayambe adikha. Mtsuko ukakhala osagwedezedwa, matope amatsika pansi pang'onopang'ono, madzi a pamwamba n'kuyera. Munthu wodekha ndi wotero, pakuti mkwiyo ndi mantha zimamufika monga wina aliyense, koma amazilola kuti zitsike asanayankhule kapena kuchita kanthu. N'chifukwa chake timanenanso kuti wakhazika mtima pansi, kapena kuti mtima wake uli m'malo. Kudekha kumaonekera pavuto. Namwino amene akusoka bala la mwana wolira, manja ake osanjenjemera pamene amayi a mwanayo akukuwa pakhomo, ndi wodekha. Nyakwawa imene ikumvetsera mbali zonse ziwiri za mlandu wa malire a munda mpaka kumapeto, anthu akuidula mawu, ndi yodekha. Simungadziwe kuti munthu ndi wodekha ngati simunamuonepo zinthu zitathina.

Kufatsa ndi khalidwe la tsiku ndi tsiku. Munthu wofatsa sakonda ndewu, sayankha mwachipongwe ndipo savuta kukhala naye. Timanenanso za ng'ombe kuti ndi yofatsa ngati mwana angathe kuigwira osaopa kugundidwa. Koma wofatsa angathe kukhala wosadekha, chifukwa alipo anthu ofatsa kwambiri amene nyumba ikayamba kupsa amangothamanga uku ndi uku osadziwa chogwira. Aliponso anthu olongolola ndi anthabwala, amene palibe angawatchule ofatsa, koma ngozi ikagwa ndiwo amadekha n'kuuza anzawo chochita.

Pano ndikupempheni, aphunzitsi, kuti musamale ndi chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa m'masukulu athu. Kawirikawiri mwana amene amangokhala duu kumbuyo kwa kalasi, osakweza dzanja, timamulembera kuti ndi wofatsa, makolo n'kukondwera. Koma kukhala chete si kufatsa, ndiponso si kudekha. Mwana angakhale chete chifukwa cha njala, chifukwa choopa kusekedwa, chifukwa sakumva bwino m'khutu, kapena chifukwa cha zimene zikumuchitikira kunyumba. Makolo athu ankadziwa kuti chete payekha si ubwino, n'chifukwa chake anati chetechete sautsa nyama. Tikalemba mawu okoma pamwamba pa chete wa mantha, timatseka njira yoti mwanayo athandizidwe.

Za bata ndi mtendere, n'zoona kuti makutu athu anazolowera kuzimva pamodzi. Amene tinakula m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda tinkamva mawu oti bata ndi mtendere pa wailesi ndi pamisonkhano mpaka anakhala ngati liwu limodzi. Koma kutchulidwa pamodzi kumeneko ndiko umboni woti n'zosiyana, pakuti Mchewa sawononga mpweya kutchula chinthu chimodzi kawiri. Bata limaoneka ndi maso ndipo limamveka ndi makutu: palibe phokoso, palibe kuthamangitsana, misika yatsegulidwa. Mtendere umafika pamene anthu agwirizana, olakwiridwa amvedwa, ndipo munthu akugona osaopa kugogoda kwa usiku. Bata lingathe kukhazikitsidwa ndi mfuti, koma mtendere sungakakamizidwe. M'zaka za chipani chimodzi bata linalipodi, koma mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo m'mwezi wa Malichi 1992, ndipo anthu atavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, zinaoneka poyera kuti pansi pa batalo panali madandaulo ambiri amene anthu ankaopa kuwatchula. Chimodzimodzinso zionetsero za pa 20 Julayi 2011 zitatha, anthu 20 atataya miyoyo, kunena kuti bata labwerera m'mizinda ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre kunali kulondola, koma mtolankhani akanati mtendere wabwerera akanalakwira mabanja amene anali pamaliro. Michael Sauka, polemba nyimbo ya fuko lathu, anapempha Mulungu kuti asunge Malawi m'mtendere, ndipo anasankha mawu akuluwo mwa awiriwa. M'banjanso n'chimodzimodzi, pakuti nyumba imene mwamuna ndi mkazi sakulankhulana imakhala ya bata lokwanira, koma ankhoswe akudziwa kuti ntchito yawo sinathe.

Chimene chasokoneza zonsezi masiku ano ndi kumasulira kwaulesi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, loti "calm", limene limagwira ntchito pa nyanja, pa mzinda ndi pa munthu, ndipo omasulira nkhani ndi zilengezo akaliona amathamangira bata paliponse. Motero timamva dokotala akuuzidwa kuti akhale wabata, kapena wodwala akulangizidwa kuti akhale bata asanalandire zotsatira za magazi. Zimenezi zimandipweteka m'khutu, chifukwa chiyankhulo chathu sichinasowe mawu pamenepo. Wodwala timamuuza kuti akhazike mtima pansi, wokwiya timamuuza kuti adekhe kapena augwire mtima, mwana wolira timamutonthoza, ndipo woferedwa timamuuza kuti alimbe mtima. Achinyamata nawonso abweretsa kuulu wawo, wochokera ku liwu la Chingerezi loti "cool", amene amamugwiritsa ntchito pa munthu wodekha, pa malaya okongola ndi pa moni yemwe, ndipo liwu likamagwira ntchito zonse chotero limatsala lopanda tanthauzo lenileni. Sindidana ndi kubwereka mawu pamene tilibe athu, monga tinachitira ndi sukulu, foni ndi kompyuta, koma kubwereka pamene nkhokwe yathu ili yodzaza ndi kutaya chuma.

Pali malo amodzi pamene ndimalola bata kukhudza anthu, ndipo ndi pamene anthuwo ali khamu. Mfumu ikaimirira pabwalo anthu akusokosera n'kunena kuti pakhale bata, kapena mkulu wa zisankho akapempha mtundu wonse kuti usunge bata podikira zotsatira, palibe cholakwika, pakuti chofunika pamenepo ndi kuti pamalopo pakhale phee. Inunso mungalembe kuti m'kalasi mwanu mumakhala bata pa nthawi ya mayeso.

Koma za mtsikanayo, fufutani mawu oti wabata. Ngati mwamuona akukhala bwino ndi anzake, osayambana ndi aliyense, lembani kuti ndi wofatsa. Ngati mwamuona funso lovuta litamugwera pamaso pa kalasi yonse, iye n'kuyamba waganiza kaye, kenako n'kuyankha mosathamanga, lembani kuti ndi wodekha. Ngati chimene mwaona n'chakuti salankhula basi, musalembe chilichonse mwa ziwirizi, koma mumuitane pambali tsiku lina mucheze naye.